Kuyeza ukalamba ndi ma glycan: zimene kafukufuku wasonyeza ndi zimene sanasonyeze

M'mayiko ena, makamaka a ku Ulaya ndi ku America, munthu amatha kuitanitsa pa intaneti kabokosi kotengera magazi, n'kudzibaya chala, n'kutumiza timadontho ta magaziwo ku labotale. Pakapita masabata angapo amalandira nambala imene amati ndi msinkhu weniweni wa thupi lake. Nambalayo ikhoza kuchepera kapena kuposa zaka zake zobadwa. Chimene amayeza m'magaziwo ndi timashuga tina totchedwa ma glycan.

Malonda amenewa atsamira pa kafukufuku weniweni, makamaka amene Jasminka Krištić, Gordan Lauc ndi anzawo anasindikiza mu 2014 m'magazini ya The Journals of Gerontology. Nkhani ino ikuunika kafukufukuyo pamodzi ndi wina amene gulu la Lauc linatulutsa mu 2020. Zimene anapeza n'zoona, ndipo magulu ena anapezanso zofanana nazo. Vuto lili pa dzina limene zotsatirazo zapatsidwa. Muyezowu umasonyeza kwambiri mmene chitetezo cha m'thupi chatanganidwira, ndipo ukalamba ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimene zimachitangwanitsa. Kumene malungo, TB ndi HIV zili zofala, kusiyanitsa zinthu ziwirizi si nkhani yaing'ono.

Ma glycan ndi chiyani?

Mawu oti shuga akhoza kusokoneza. Ma glycan si shuga wothira mu tiyi, komanso si shuga amene amayezedwa kwa odwala matenda a shuga. Ndi timaunyolo ta mitundu yosiyanasiyana ya shuga, monga galactose, fucose, mannose ndi sialic acid, tolumikizana ngati nthambi za mtengo. Thupi limapanga lokha timaunyolo timeneti m'kati mwa maselo n'kutimangirira pa mapuloteni ndi pa mafuta. Selo lililonse la munthu linakutidwa ndi ma glycan, choncho kachilombo kakafika pa selo, nthawi zambiri kamayamba kukhudza ma glycan amenewa.

Izi n'zosiyana ndi muyezo wa HbA1c umene ambiri amaudziwa ku kiliniki ya matenda a shuga. Pa HbA1c, shuga wa m'magazi amangomatirira yekha pa puloteni, ndipo akachuluka amamatirira wambiri. Ma glycan amamangidwa mwadongosolo ndi ma enzyme ambiri ogwira ntchito motsatizana. Palibe jini imodzi imene imalamula mmene glycan idzathere. Maonekedwe ake amadalira chibadwa cha munthu komanso mmene selo lilili pa nthawiyo: zaka za munthuyo, mahomoni ake, ndi matenda amene akulimbana nawo. Mfundo imeneyi ndi imene imachititsa ma glycan kukhala okopa kwa ochita kafukufuku, ndipo ndi yomweyo imene imachititsa kuti zotsatira zake zikhale zovuta kumasulira.

Ogwira ntchito zaumoyo amakumana ndi ma glycan tsiku ndi tsiku ngakhale sawatchula dzina. Magulu a magazi a A, B, AB ndi O amasiyana chifukwa cha kashuga kamodzi ka kumapeto kwa glycan ya pa maselo ofiira: gulu A lili ndi N-acetylgalactosamine, gulu B lili ndi galactose, gulu AB lili ndi tonse tiwiri, pamene gulu O lilibe kalikonse mwa timeneti. Kusiyana kochepa kumeneku n'kokwanira kupha munthu amene wapatsidwa magazi olakwika. Mu 2007, Alexandra Rowe ndi anzake anapeza kuti pakati pa ana a ku Mali, a gulu O sankadwala malungo aakulu kawirikawiri ngati anzawo, chifukwa maselo awo ofiira okhala ndi tizilombo samatirirana kwambiri ndi maselo ena. Mu 1996, Michal Fried ndi Patrick Duffy anasonyeza ku Kenya kuti maselo okhala ndi tizilombo ta malungo amakakamira mu nsengwa pogwira glycan yotchedwa chondroitin sulfate A. Mayi wa mimba yoyamba amakhala asanapange chitetezo choletsa kukakamira kumeneku, n'chifukwa chake malungo amamuvutitsa kwambiri iye ndi mwana wake, ndipo mankhwala a SP ndi neti za ku sikelo n'zofunika kwambiri kwa iye.

Makatemera ena nawonso anapangidwa kuchokera ku shuga wokuta mabakiteriya. Ana osakwana zaka 2 sapanga chitetezo chokwanira akapatsidwa shuga wotere payekha, koma akamumangirira pa puloteni chitetezo chimadzuka. Katemera wa PCV13, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, anapangidwa mwa njira imeneyi. Chimodzimodzinso katemera wa taifodi, amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre n'kupezeka kuti amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 peresenti, asanayambe kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Choncho palibe chokayikitsa kuti ma glycan ndi ofunika pa thanzi. Funso ndi lakuti kodi angauze munthu mmene thupi lake lakalambira.

Zimene kafukufuku wa 2014 anapeza

Kafukufukuyu anayang'ana pa IgG, mtundu wa ma antibody umene ndi wochuluka kwambiri m'magazi. IgG imaoneka ngati chilembo cha Y. Nthambi zake ziwiri zimagwira kachilombo, pamene tsinde lake limaitana maselo a chitetezo kuti adzamenye nkhondo. Pa tsindepo pamakhala ma glycan, ndipo mtundu wa shuga wopezeka pamenepo umatha kusintha mphamvu ya kuitanako.

Ochita kafukufukuwa anayeza ma glycan a IgG mwa anthu 5,117 ochokera m'magulu anayi: anthu a pa zilumba za Vis ndi Korčula ku Croatia, a pa zilumba za Orkney ku Scotland, ndi gulu la mapasa a ku Britain. Anapeza kuti munthu akamakula, IgG yokhala ndi galactose imachepa ndipo yopanda galactose imachuluka. Ataphatikiza mitundu itatu yokha ya ma glycan, anapanga muyezo umene unafotokoza mpaka 58 peresenti ya kusiyana kwa zaka pakati pa anthuwo. Izi zinaposa miyezo ina imene inkadziwika, monga utali wa ma telomere, timapeto ta DNA timene timafupika munthu akamakula. Anaonanso kuti kusiyana kotsalako kunkagwirizana ndi miyezo ina ya thanzi la munthu, ndipo pachifukwa ichi anati ma glycan amasonyeza msinkhu wa thupi, osati zaka zobadwa zokha.

Ntchitoyi ili ndi mphamvu zake. Anthu oyezedwa anali ambiri, ndipo zotsatira zinalozera kumodzi m'magulu onse anayi. Mfundo yoti galactose wa pa IgG amasintha ndi zaka sinali yachilendo, chifukwa Raj Parekh ndi anzake a ku Oxford anali atailemba kale mu 1988. Chatsopano chinali kukula kwa kafukufukuyo komanso kusandutsa mfundoyo kukhala nambala imodzi. Pamenepa ofufuzawa ayenera kuyamikiridwa.

Pamene umboni ukuperewera

Choyamba ndi tanthauzo la nambala ya 58 peresenti. Nambalayi ikunena za gulu lonse, osati za munthu mmodzi, ndipo ndi nambala yapamwamba imene anapeza. Ngakhale pamene muyezowu unachita bwino kwambiri, gawo loposa 40 peresenti linatsala losafotokozedwa. Anthu awiri obadwa chaka chimodzi akhoza kupeza zotsatira zosiyana kwambiri. Amalonda amatcha kusiyana kumeneku msinkhu wa thupi. Koma mpata umenewo ukhoza kubwera chifukwa cha chibadwa, matenda a posachedwa, mahomoni kapena kuphonya kwa muyezo weniweniwo. Kuupatsa dzina sikutsimikizira kuti wamvetsetseka.

Chachiwiri ndi anthu amene anayezedwa. Onse anali a ku Ulaya, ndipo magulu atatu mwa anayi anali a pa zilumba zazing'ono. M'madera amenewa mulibe malungo kapena likodzo, ndipo TB ndi HIV n'zochepa. Muyezo uliwonse umatengera anthu amene anagwiritsidwa ntchito poupanga. Ogwira ntchito zaumoyo akudziwa kale za vutoli pa matchati oyezera kakulidwe ka ana: tchati chimene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006 chinapangidwa kuchokera kwa ana a m'mayiko 6 a m'makontinenti osiyana, kuphatikizapo Ghana, pofuna kuti chisatengere dziko limodzi. Muyezo wa ma glycan wa 2014 sunadutse njira yotere.

Chachitatu, chimene ndi chachikulu kwambiri, n'chakuti kuchepa kwa galactose si chizindikiro cha ukalamba wokha. Mu 1985, gulu lomwe lija la ku Oxford linapeza IgG yambiri yopanda galactose mwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa. Patapita zaka zochepa zomwezo zinapezeka mwa odwala TB ndi odwala matenda otupitsa matumbo a Crohn. Mayi akakhala woyembekezera galactose amachuluka, ndipo akabereka amatsikanso. Mayi akasiya kusamba galactose amatsika mofulumira chifukwa cha kuchepa kwa mahomoni a estrogen. Mu 2024, ofufuza a ku Wistar Institute ku America analemba kuti anthu amene ali ndi HIV, ngakhale akumwa ma ARV ndipo kachilombo kagonja, anali ndi ma glycan a IgG ofanana ndi a anthu okulirapo kuposa anzawo opanda kachilomboka.

Izi zikutanthauza kuti mayi wa zaka 30 amene ali ndi TB yosadziwika akhoza kupeza zotsatira zomuonetsa ngati wamkulu kuposa zaka zake. Kumuuza kuti thupi lake lakalamba msanga kungakhale kumusocheretsa, chifukwa chimene akufunika ndi kuyezedwa makhololo ndi kuyamba mankhwala. Mayi yemweyo atayezedwa ali ndi pakati akhoza kuoneka ngati wachepera msinkhu. Nambala imene imakwera ndi kutsika m'miyezi yochepa chonchi ikusonyeza mmene chitetezo chilili pa nthawiyo.

Chachinayi ndi funso la chimene chimayambitsa chinzake. Kafukufuku wa 2014 kwenikweni anayerekeza anthu a misinkhu yosiyana, ndipo kafukufuku wotere amangosonyeza kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Olembawo anapereka ganizo lakuti IgG yopanda galactose imakolezera kutupa kwa m'kati mwa thupi, motero imathandizira kukalamba. Ganizoli n'lomveka, koma umboni wake sunakhwime. Kuti shuga wa pa IgG amasintha ntchito yake n'zotsimikizika pa fucose: IgG yopanda fucose imaitana maselo a chitetezo mwamphamvu kwambiri, moti mankhwala ena a khansa, monga obinutuzumab, amapangidwa dala ndi fucose wochepa. Pa galactose akatswiri akutsutsanabe, ndipo zoyesera zosiyana zapereka mayankho osiyana. Mwina galactose amachepa chifukwa thupi latupa kale. Ngati zili choncho, kukweza nambalayo sikungachiritse munthu, monga mmene kutsitsa kutentha kwa thupi ndi Panado sikuphera tizilombo ta malungo.

Kafukufuku wa 2020: mayiko osauka aoneka okalamba

Gulu la Lauc silinabise vuto la kusiyana kwa anthu a m'mayiko. Mu 2020, Jerko Štambuk ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Aging zotsatira za kuyeza ma glycan a IgG mwa anthu 2,579 ochokera m'magulu 27 a m'mbali zosiyanasiyana za dziko lapansi. Anapeza kuti dziko limene munthu amakhala linafotokoza 38 peresenti ya kusiyana kwa mtundu umodzi wa glycan yokhala ndi galactose. Anthu a m'mayiko osauka anali ndi galactose wochepa, ndipo mulingo wake unkayendera limodzi ndi chitukuko cha dziko komanso zaka zimene anthu a m'dzikolo amayembekezeka kukhala ndi moyo. Olembawo anati mwina anthu a m'mayiko amenewa amakumana ndi zinthu zimene zimachititsa thupi kutupa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, n'kumaoneka ngati akalamba.

Kafukufukuyu ndi wofunika, ndipo akutsimikizira nkhawa imene yatchulidwa pamwambapa: muyezo wopangidwa ku Croatia ndi ku Scotland sungawerengedwe chimodzimodzi kwina kulikonse. Komabe nayenso ali ndi malire. Anthu 2,579 akagawidwa m'magulu 27, gulu lililonse likhala ndi anthu osakwana 100 mwa avereji, ndipo anthu ochepa chonchi sangaimire dziko lonse. Kuyerekeza mayiko sikungalekanitse chibadwa, zakudya, utsi wa nkhuni, njoka za m'mimba ndi malungo, chifukwa zonsezi zimasintha pamodzi munthu akachoka dziko lina kupita lina.

Pali funso linanso limene kafukufukuyu sakanatha kuyankha. Kwa munthu wokhala kumene amalumidwa ndi udzudzu wa malungo chaka ndi chaka, chitetezo chokhala chodzuka chikhoza kukhala chomuwononga pang'onopang'ono, chikhozanso kukhala chimene chikumuteteza. Kutenga mulingo wa munthu wa ku Ulaya ngati wabwino, n'kutcha wina aliyense wosiyana nawo wokalamba, ndi kugamula mlandu umboni usanamvedwe.

Mmene muyezo umatsimikizidwira: chitsanzo cha LAM

Pali muyezo wina wa shuga wa mtundu umenewu umene zipatala za m'Malawi zimagwiritsa ntchito, ndipo mbiri yake ikusonyeza chimene chikusowa pa muyezo wa ukalamba. LAM ndi chinthu chopangidwa ndi shuga ndi mafuta chimene chimapezeka pa khungu la kachilombo ka TB. Mwa odwala HIV amene chitetezo chatsika kwambiri, LAM amatuluka mu mkodzo ndipo amaoneka pa kapepala koyezera.

Kupeza kuti LAM amagwirizana ndi TB sikunali kokwanira. Pa kafukufuku wa STAMP, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, odwala pafupifupi 2,600 amene ali ndi HIV ogonekedwa pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi pa chipatala cha Edendale ku South Africa anagawidwa mwamaere. Ena anayezedwa makhololo okha, ena makhololo ndi mkodzo womwe. Kuyeza mkodzo kunathandiza kupeza odwala TB ambiri. Imfa pa gulu lonse sizinachepe mokwanira kuti ofufuza atsimikize, koma zinachepa pakati pa odwala amene CD4 yawo inali yosakwana 100, amene magazi anali ochepa kwambiri, ndi amene dokotala ankawaganizira kale TB. Motero kafukufukuyo anasonyeza amene muyezowo umawathandiza komanso pamene phindu lake silinaoneke bwino.

Pa LAM, zotsatira zikatuluka namwino amadziwa chochita, ndipo pali umboni woti kuchita chimenecho kumapulumutsa odwala ena. Makafukufuku awiri a ma glycan a IgG amene aunikidwa pano sanayese funso limenelo. Sanasonyeze kuti munthu amene wauzidwa nambala yake amadwala mochepa kapena amakhala moyo wautali kuposa amene sanauzidwe. Malangizo amene nthawi zambiri amatsagana ndi muyezowu, monga kusiya fodya, kuchepetsa thupi ngati lanenepa kwambiri ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, ndi amene mlangizi wa zaumoyo amapereka kale popanda kutenga magazi.

Pamene sayansi yakumana ndi malonda

Gordan Lauc ndi amene anayambitsa kampani ya Genos ya ku Zagreb, imene imayeza ma glycan, ndipo ndi mmodzi mwa oyambitsa GlycanAge, imene imagulitsa muyezowu kwa anthu. Iye amalengeza za kampani yake m'malipoti a kafukufuku, monga mmene malamulo amafunira. Izi sizikutanthauza kuti zotsatira zake n'zabodza. Zikungotanthauza kuti umboni wochokera kwa ofufuza amene alibe phindu pa malondawo uyenera kulemera kwambiri pa sikelo.

Choopsa chenicheni chili kwina, kwa ogulitsa ufa ndi mapiritsi amene amati ali ndi mashuga ofunika ku maselo. Malonda amenewa sakhudzana ndi gulu la Lauc, koma amabwereka mawu a sayansi ya ma glycan kuti amveke odalirika. Mu 2007, boma la Texas ku America linasumira kampani ya Mannatech poiganizira kuti ogulitsa ake ankanena kuti zinthu zake zimachiza matenda monga khansa. Mlanduwo unatha mu 2009 kampaniyo itavomera kulipira madola mamiliyoni angapo, ngakhale sinavomere kulakwa. Mu 2008, akatswiri awiri a ma glycan, Ronald Schnaar ndi Hudson Freeze, analemba m'magazini ya Glycobiology kuti panalibe umboni woti anthu wamba amasowa mashuga amenewa. Thupi limawapanga lokha kuchokera ku chakudya cha masiku onse. Pali matenda ochepa obadwa nawo amene amathandizidwa ndi shuga monga mannose, koma ndi osowa kwambiri ndipo amafuna dokotala wodziwa za matendawo.

Zofunika kwa ogwira ntchito zaumoyo ndi mavolontiya

Wodwala kapena wachibale wake akabwera ndi nkhani ya muyezo wa msinkhu wa thupi imene waiona pa foni, yankho loona ndi lakuti ma glycan a IgG amasinthadi ndi zaka, koma amasinthanso ndi matenda, mimba ndi kusiya kusamba, ndipo muyezo wa 2014 unapangidwa pa anthu a ku Ulaya okha. Munthu amene akuonda, kutopa, kutsokomola kapena kumva ngati wakalamba msanga ayenera kuyezedwa zinthu zimene zili ndi chithandizo: TB, HIV, kuchepa kwa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene akufuna kugula ufa wa mashuga a maselo ayenera kufunsidwa mwaulemu ngati akupitirizabe kumwa mankhwala ake a ku chipatala, chifukwa ngozi yaikulu ya malonda otere ndi yakuti munthu amasiya ma ARV kapena mankhwala a TB, kapenanso amachedwa kupita kukayezetsa chotupa.

Kwa ochita kafukufuku, nkhaniyi ikadali yotseguka ndipo ndi yoyenera kuitsata. Chofunika ndi kuyeza anthu omwewo kangapo kwa zaka zambiri, kulemba matenda amene anali nawo pa tsiku lotenga magazi, ndi kuona ngati galactose amabwerera m'malo mwake TB ikachira kapena nyengo ya malungo ikadutsa. Malo otsatira anthu kwa nthawi yaitali alipo kale, monga a bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe. Kafukufuku wotere akhoza kupeza kuti ma glycan a IgG ndi othandiza pa ntchito ina yofunika kwambiri kuno kuposa kuwerenga zaka, monga kusonyeza wodwala amene thupi lake likadali lotupa ngakhale akumwa mankhwala bwino. Kufikira umboni umenewo utapezeka, muyezowu malo ake ndi mu labotale ya kafukufuku, ndipo sukuyenera kusintha chithandizo chimene wodwala akulandira.